Suti ya Zakeyu

Mu Novembala, kuno ku Hull, mdima utagwa folo koloko isanakwane,
Dokotala Pritchard anatembenuzira kompyuta kwa ife
naloza ndi cholembera chotafunidwa kumapeto:
apa chiwindi, chokhakhala ngati khungwa la m'bawa,
apa chotupa, kukula kwake ngati ndimu.
Opaleshoni siitheka, anatero, zipsera zachuluka.
Mwina miyezi isanu ndi umodzi.
Iwe, Zakeyu, unangofunsa
ngati tikiti yoimikira galimoto panja paja sinathe nthawi.

Ndinakugulira suti yotuwa pa Hessle Road, ya kaunjika,
mapaundi khumi ndi asanu ndi atatu.
Ndinafunsa mtengo wotumizira mtembo ku Chileka
n'kuulemba kuseri kwa bilu ya magetsi.
Anzathu a ku Leeds ndi ku Doncaster anasonkha,
wina makumi awiri, wina asanu ndi vesi pamwamba.
Mlongo wako ku Ntcheu anaumbitsa njerwa za pamanda.

Ndipo ndinakukhululukira.
Zaka khumi ndi zinayi za zitini kuseri kwa sofa,
malipiro anga a usiku, osambitsa nkhalamba za eni,
amene unkakawasiya pashopu ya pakona,
zonse ndinazipinda bwinobwino ngati zovala za malemu.
Munthu wapaulendo sum'werengera ngongole.

Mu Januwale thupi linatentha masiku asanu ndi anayi,
unanjenjemera mpaka bedi kulira.
Ndinati basi, ulendo uja ndi uwu.
Tsiku lakhumi unapempha mazira okazinga.

Mu Epulo anakujambulanso.
Dokotala anavula magalasi, kupukuta, kuvalanso,
anaitana mnzake, anawerenga dzina pafayilo kawiri
ngati wina wakubwereka chiwindi.
Ndimu ija yatsala ngati nzama.
Pofika Julayi, chithunzithunzi chabe.

Zimachitika, anatero, koma mwa apo ndi apo.
Kapena chotupacho chinatsamwitsa mtsempha wochidyetsa
n'kufa ndi njala,
kapena kutentha kuja kunadzutsa asilikali a m'thupi,
kapena ndi mowa mwasiyawu.
Kunena zoona, mayi, sitikudziwa.

Ena onse akudziwa.
Abusa Chimphepo akuti ndi mafuta anakudzoza aja,
akufuna ukaime kutsogolo Lamulungu, ndi maikolofoni.
Mlongo wako akuti ndi ufa wa mizu anatumiza mu envelopu,
umene ndinaponya m'bini osatsegula.
Ine ndinagwirizana ndi mzungu wa cholembera chotafunidwa:
ndinam'konda chifukwa cha sitikudziwa wakeyo.

Zipsera zilipobe, izo sizisamuka.
Akakolo amatupa, mchere ndi woletsedwa,
miyezi itatu iliyonse timakhala pamipando yobiriwira ija
kudikira atiuze ngati mlendo wabwerera.

Ndalama ndinabweza, aliyense zake,
wa vesi uja anati vesi lokhalo sungani.
Njerwa zija amangira khola la nkhumba.
Suti ili m'kabati, m'pulasitiki yake,
ukuti udzavala paukwati wa Tiyanjane
ndipo sindinakuuze ndinagulira chiyani.

Chimene ndasowa kobweza ndi chikhululuko chija.
Ndinachiyeza cha miyezi isanu ndi umodzi, Zakeyu,
ngati nsalu yongokwana thupi logona,
tsopano ukuyenda nacho m'nyumba muno,
ukukwera nacho masitepe, chikung'ambika m'khwapa.
Nthawi zina ndimakuyang'ana ukusenda mbatata
n'kumva zitini zija zikulira m'chifuwa mwanga.

M'mawa uno ndaweruka seveni koloko, mvula ili waa,
mbalame za kunyanja zikulimbirana chipisi pa siteji ya basi.
Ndakupeza ukutsuka mbale, ukuimba mluzu,
maso ako oyera, chikasu chija chatha.
Ukufunsa, tiyi?
Ndaima pakhomo, nsapato zikudontha madzi,
ndikufunafuna m'thupi mwanga pamene panali mkwiyo dzulo.
Ulipo. Kaya wachepa, kaya ndatopa chabe.
Palibe makina ojambula zimenezo.

Thira, ndikutero. Shuga pang'ono.